Amayi Anachoka Osatsazika

Lolemba, 13 Januwale

Amayi apezeka. Mtima wakhala pansi.

Ndinali kuseri kusita mayunifomu a makasitomala, mphindi khumi zokha. Pobwera, mpando wa Amayi uli wokha, geti lili pululu. Wawapeza ndi bambo wogulitsa mafuta a njinga zamoto, pamsewu waukulu wopita ku Lampang, ataima pamzere woyera pakati penipeni, kadengu ka mpunga womata kali m'manja. Akuti amadikira amonke, ansembe a kukachisi aja, kuti awapatse chakudya. 2 koloko masana! Amonke amadutsa m'mamawa. Malole akuwazemba uku ndi uku. Bamboyo atawagwira dzanja anamukalipira: "Choka apa iwe, ukunditchinga."

Aka n'kachitatu mwezi uno. Ndaona m'kope: pa 2, pa 9, ndi lero.

Ndamuimbira Thawat ku Bangkok. Mlongo wanga ndi yekhayo, wamng'ono kwa ine. Ndimayembekezera zake zija za masiku onse, "Achemwali, mungogula loko wamkulu." Koma lero akuti, "Funani malo. Ndithandiza." Ndinakhala pansi pasimenti foni ili kukhutu. Zaka zinayi ndikudikira mawu amenewa, ndipo atabwera ndachita nawo manyazi.

Lachiwiri, 14 Januwale

Adokotala andilembera malo atatu osungirako okalamba odwala matenda oiwala. Ndawapempha alembe zilembo zikuluzikulu. Ine wolekezera sitandade 4, zolemba za madokotala ndimangoona ngati nkhuku yapalasa.

Ndakonza mafunso 23. Amasamba kangati, mankhwala amasunga ndani, akagwa amaimbira ndani, geti limatsekedwa bwanji, mpunga ndi womata kapena wa anthu a ku Bangkok.

Amayi aang'ono, a Sriwan, avomera kusiya matikiti awo a lotale masiku awiri kuti akhale ndi mkulu wawo ine ndikuyendera malowa. Akuti, "Koma akathawa usayembekeze kuti ndiwathamangitsa. Maondo anga anapita kale kumanda, akundidikira komweko."

Lachitatu, 15 Januwale

Malo oyamba, m'tauni. Magalasi okhaokha, kuzizira ngati m'banki. Mayi wa padesiki anayamba wayang'ana masilipasi anga asanandiyang'ane kumaso. Mtengo wake baht 45,000 pamwezi. Ndinamufunsa kawiri poganiza kuti makutu andinamiza. Ndinafunsanso ngati amonke amafika. Akuti, "Timawaonetsa pa TV, anti." Mafunso enawo sindinavutike nawo.

Malo achiwiri, 9,000. Ndinasangalala ndisanalowe. Fungo la mkodzo linandichingamira pakhomo. M'chipinda chachiwiri munali agogo aamuna atamangidwa dzanja kubedi ndi nsalu. Ankangoyang'ana kudenga. Mwini malo akuti, "Timatero kuti asadzivulaze." Ndinathokoza mwaulemu, ndinatuluka, ndinakasanza kuseri kwa njinga yanga.

Latsala limodzi.

Lachinayi, 16 Januwale

Ndawapeza malo. Ndikulemba pang'onopang'ono kuti ndisawalodze.

Ali kuseri kwa kachisi, midzi iwiri kuchokera kuno, mphindi 20 panjinga yamoto. Mwini wake ndi Mayi Ratri, anali namwino, anapuma. Okalamba alipo 12, ogwira ntchito anayi. Nyumba si yokongola, utoto ukusupuka, koma fungo lake ndi la sopo ndi adyo wokazinga. Pabwalo anakonza kanjira kasimenti kozungulira mtengo wa mango. Akuti, "Oyendayenda timawasiya ayende. Njirayo imawabweza pomwe anayambira." Geti lili ndi loko wa manambala. Ndinaligwedeza ndi manja awiri, osasuntha.

Ndipo amonke amadutsa pagetipo 6:30 tsiku lililonse. Okalamba amawakhazika pamipando, aliyense ndi kadengu kake ka mpunga. Nditamva zimenezi ndinayang'ana kumbali kuti asaone maso anga.

Mafunso onse 23 ayankha. Pofika pa 17 anaseka: "Mayi Buaphan, kale munali wapolisi?" Koma anayankhabe.

Baht 18,000 pamwezi, matewera paokha, ndi chikole cha mwezi umodzi. Pali chinthu chimodzi chomwe chikundiluma. Masabata awiri oyamba ndi oyesa. Anena mosabisa: "Ine sindimanga munthu, ndipo sindimugoneka ndi mankhwala. Ngati sakudya, ngati akulimbana ndi geti mpaka kudzipweteka, ndidzakuuzani kuti muwatenge." Ndalemba mawu amenewa momwe anawanenera.

Lachisanu, 17 Januwale

T. apereka 10,000. Ine 5,000, chifukwa tsopano nditha kulandira zochapa zambiri. Ya boma ya okalamba 800. Zotsalazo zichokera ku lendi ya munda wa mpunga. Zakwana, koma palibe yodwalira.

Ndalama ya chikole yachokera ku mkanda wagolide wa Amayi. Mwini sitolo yogula golide anauika pasikelo, ndinamupempha auikenso. Anauikanso, akupukusa mutu. Amayi ankati mkandawu ndi wa maliro awo. Mumtima ndawauza kuti Amayi, za moyo ziyambe, maliro tidzaona.

Loweruka, 18 Januwale

Ndasoka dzina lawo, Chansom, pa zovala zonse. Zilipo 31. Ngakhale masokosi.

Lolemba, 20 Januwale

Zatheka.

T. anati ndisawauze kanthu, ndingowanyamula. Mayi R. nawonso anati kutsazikana kwakutali kumawasokoneza. Ndiye ndinawaveka bulauzi yoyera, ndinati tikupita kukachisi. Anakwera pikapu ya aneba akumwetulira. Ndawanamiza amayi anga ondibereka, ndipo bodzalo linatuluka mosavuta.

Chipinda nambala 7, zenera loyang'ana kumtengo wa mango. Ndinayala bedi ndekha, ndinapereka mankhwala ndi pepala la nthawi zake, makope awiri. Ndinatuluka iwo akuyang'ana nsomba za m'thanki.

Amayi aang'ono anali kumsika wa m'tauni ndi matikiti awo, ndinangowauza pafoni. Funso lawo loyamba: "Chipinda nambala chani?" Akuti agula tikiti ya 07.

Nditafika kunyumba ndinati ndigone pang'ono pamphasa. Ndadzuka patapita maola atatu, dzuwa litapendeka. Palibe amene anasowa. Palibe mphika unapserera. Ndaphika dzira limodzi, mbale imodzi.

Lachitatu, 22 Januwale

Mayi R. anati masiku atatu oyamba ndisapiteko. Ndaimba kawiri kokha, ndadzigwira. Akuti akudya pang'ono, akukonda kuima pageti, koma ambiri amayamba choncho.

Ndalandira makasitomala awiri atsopano. Makatani a kusukulu.

Lachisanu, 24 Januwale

Ndinawaona ndili patali. Ataima pageti, manja agwira zitsulo, thumba la pilo lodzaza zovala lili pamapazi. Masiku anayi okha koma masaya alowa.

Sanandizindikire. Zimenezo ndinazolowera. Akuti, "Mayi inu, nditsegulireni. Sindinatsazike."

"Kutsazika ndani, Amayi? Ndine Buaphan, ndabwera."

"Sindinatsazike. Akwiya."

Ndinaganiza kuti akunena Abambo, omwe anatisiya zaka 11 zapitazo. Ndinatulutsa chithunzi chawo m'chikwama. Anachikankha osachiyang'ana n'komwe.

Mayi R. anandiitanira pambali. Phala la mpunga masipuni atatu patsiku. Dzulo anayesa kukwera geti, bondo lasupuka. Ngakhale za amonke sakuzifuna: geti likatsegulidwa m'mawa, iwo amangofuna kudzipanikiza kuti atuluke. Anandigwira phewa. "Tili ndi mpaka pa 3. Ganizani bwino, pali chomwe anasiya kunyumba?"

Akabwerera kuno ndiye kuti msewu waukulu uja. Kapena nsalu ija yomangira kubedi. Pena palibe.

Loweruka, 25 Januwale

Ndabwereza mndandanda wa katundu wawo katatu. Chilichonse chili ndi chizindikiro chake. Ndawapititsira wailesi, pilo wakale, kapu yawo yachitsulo. Wailesi aiika m'thumba la pilo muja, abwerera pageti.

Lamlungu, 26 Januwale

Ndine chitsiru. Ndikulemba ndikuseka, misozi ikutsika.

Amayi aang'ono afika ndi njinga yawo yaphokoso ija, bokosi la matikiti lili kumsana. Ndinawafotokozera zonse, ndinawaonetsa kope. Sanaliyang'ane. Anavula nsapato, anakwera masitepe akubuula, analowa m'chipinda cha Amayi, n'kuima pa mzati wa pakona, pomwe pali kashelefu ka makolo. Maluwa ake ouma, a mwezi watha.

"Awa unawauza?"

Ndinayang'ana m'kope.

"Buaphan, ndikufunsa. Mwini kashelefu wachoka panyumba. Eni nyumba unawauza?"

Kashelefu kameneka ndi ka agogo athu akuchikazi, amayi awo a Amayi, ndi amayi awo, mpaka kumbuyo. Amakasunga ndi mkazi wamkulu pabanja, ndipo kwa zaka makumi anayi akhala Amayi. Munthu wa m'nyumba muno sapita kukakhala kwina, kaya ndi kubanja kaya ndi kuntchito, asanagwade pamenepo n'kunena komwe akupita. Mwana aliyense amadziwa zimenezi. Ine ndinakapukuta fumbi Loweruka lomwe ndimasoka mayina lija. Ndinakapukuta bwinobwino, m'makona momwe, osaganiza kanthu.

"Masokosi unawalemba dzina," akutero Amayi aang'ono. "Masokosi! Koma achemwali anga unawatulutsa ngati mbuzi yakuba. Mutu wawo waiwala dzina lako, waiwala kuti anadya, koma ichi sunaiwale. Iwe wa mutu wabwinowe ndiye waiwala."

Ndinamuimbira T. Akuti, "Achemwali, amenewo ndi matenda, si mizimu. Musataye nthawi." Amayi aang'ono anandilanda foni.

"Iwe Thawat! Popita ku Bangkok uli ndi ndevu zitatu, nkhuku yako inaphedwa m'nyumba muno, ntchafu unadya ndiwe. Lero wakhala dokotala?"

Ndinamva akuseka kumbali inayo. "Chabwino, Amayi aang'ono, ya nkhuku nditumiza."

"Ndi ya mowa. Makolo samwa madzi."

Lolemba, 27 Januwale

Mayi R. sanaseke. Iwo kwawo ndi kum'mwera, za kashelefu sazidziwa bwino, koma anamvetsera mpaka kumapeto. Nkhawa yawo ndi yakuti munthu wotere ukamubweza kunyumba zonse zimayambiranso. "Akakaona bedi lawo akhoza kukana kubwerera. Ine sindidzabwera kudzawakoka. Mwamvetsa?"

Ndamvetsa. Ndazungulira kanjira ka pamango kaja kanayi ndikuganiza. Amayi ali pageti, osandiyang'ana. Lero adya masipuni awiri.

Ndati tiwatenga.

Amayi aang'ono akuti mawa nkhuku singapezeke, ndipo Lachitatu makolo sadya. Ndiye Lachinayi.

Lachitatu, 29 Januwale

Nkhuku yachikuda, yathunthu, miyendo ndi mutu zisachotsedwe. Botolo la mowa wa mpunga. Mpunga womata. Makandulo, timitengo ta lubani ndi maluwa oyera, zokulunga m'masamba a nthochi. Ndakulunga kanayi, zonse zopindika. Amayi ankakulunga akucheza, osayang'ana n'komwe.



Lachinayi, 30 Januwale

Ndilembe zonse ndisanaiwale.

Tinawatenga 8 koloko. Geti litatsegulidwa anatuluka ngati mwana woweruka kusukulu, thumba la pilo lili m'khwapa. Tinakwera pikapu ya aneba ija. Titafika, masitepe omwe ndimawakweza ndikuwakoka anakwera okha. Bedi sanaliyang'ane. Analunjika pamzati.

Ataona maluwa ouma aja anatembenuka. "Ndani wasiya zonyansazi?"

"Ndi uyu," akutero Amayi aang'ono, chala chili pa ine.

Anatenga zokulunga zanga, anaziyang'ana, anazimasula zonse. Zala zomwe sizitha kumanga batani zinakulunganso masamba aja, mwakamodzi, nsonga zili chilili. Tinawathandiza kugwada. Ndinayatsa makandulo. Anaphatikiza manja pamphumi n'kuyamba kuitana: Agogo Tumma, Agogo Kiang, Agogo Fong, ndi ena awiri omwe ine sindinawamvepo. Amayi aang'ono anandinong'oneza, "Lemba, wapolisi iwe, lemba!" Ndinalemba pachikhatho chifukwa kope linali pansi.

Mawu awo anali a kale aja, olimba, ogulitsira masamba pamsika. Anapepesa kuti anachoka osanena. Anati si mwano, anangonyamulidwa. Apa ndinaweramitsa mutu. Kenako anati:

"Ine ndakalamba. Ndikukakhala kufupi ndi kachisi, kwa anthu. Musandifunefune, musadwalitse ana. Muzidziwa komwe ndili."

Ndinaganiza kuti amaliza. Kenako anapapasa kumbuyo, anagwira dzanja langa, analikokera pakashelefu.

"Uyu ndiye atsale nanu. Dzina lake landithawa. Ndi wamantha, amadandaula ngati nkhuku yofuna kuikira. Koma saiwala kanthu."

Amayi aang'ono anaphulika kuseka mpaka kutsamwa, anachita kutuluka panja. Ine ndinalira, dzanja lili pathabwa.

Makandulo atatha tinatsitsa nkhuku. Amayi anadya chiwindi, ntchafu yonse ndi mpunga nkhonya ziwiri. Ndimawerenga. Amayi aang'ono anathira mowa m'kapu, akuti akuthandiza makolo kumaliza.

Ndiye nthawi ija yomwe ndimaiopa inafika. Anakhala pabedi pawo, akusisita chofunda.  Bodza lina ndinalibe. Amayi aang'ono anangoti, "Achemwali, mwatsazika?"

"Ndatsazika."

"Nanga mukudikira chiyani? Wagalimoto ali ndi ntchito zina."

Anadzuka. Pamasitepe anandiuza kuti maluwa ndizisintha tsiku lililonse lopatulika, osati ndikakumbukira. Thumba la pilo analisiya pabedi, ndinachita kulitenga ine.

Pageti la Mayi R. anaima pang'ono.  Kenako analowa, anafunsa wantchito ngati madzi osamba afunda.

Lachisanu, 31 Januwale

Ndaimba kamodzi. Adya m'mawa ndi masana. Pageti anapitapo kawiri, anayang'ana, anabwerera okha.

Sindikufuna kusangalala msanga.

Loweruka, 1 Febuluwale

Mayi R. andiimbira okha, mtima unadumpha. Koma amafuna kundiuza kuti lero Amayi anakhala pampando ndi kadengu kawo, anaika mpunga m'mbale za amonke onse asanu, kenako anadzudzula agogo a pampando woyandikana nawo kuti sanavule nsapato.

Lotale yatuluka. 07 palibe, yawina ndi 52. Amayi aang'ono akuti vuto ndi ine, ndikanawapezera chipinda 52.

T. watumiza ndalama yake ya mwezi, tsiku lisanakwane.

Lolemba, 3 Febuluwale

Masabata awiri akwana lero. Ndinavala bulauzi yabwino ngati wopita kukhoti.

Mayi R. anali atakonza kale pepala. Ndinaliwerenga lonse, mzere ndi mzere, chala chili pansi pa mawu. Anandidikira. Nditasaina anati, "Mafunso alipo?" Ndinatsegula kope, ndinayang'ana, ndinalitseka. Ndinalibe.

Amayi ndinawapeza pakhonde ndi agogo ena awiri, akusenda adyo wa kukhitchini. Bondo lapola. Avala siketi ya munthu wina, yolembedwa dzina lina, ndipo ndinangoisiya. Ndinakhala pambali pawo, ndinatenga adyo mmodzi kuti ndithandize. Anandimenya padzanja.

"Alendo sagwira ntchito."

Mnzawo anafunsa kuti ameneyu ndani. Amayi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndi wa kwathu," anatero. Kenako kwa ine: "Wadya?"

"Ayi, Amayi."

"Ndiye pita ukadye. Waonda ngati ndodo. Ife tili ndi ntchito."

Ndinakhalabe pang'ono. Iwo anali atabwerera kale ku nkhani yawo, ya mwamuna wina wa kale yemwe ankaba abakha. Wantchito ananditsegulira geti. Nditakwera njinga ndinacheuka. Ndinaona misana itatu yokha, ndi makoko a adyo akuuluka pasimenti.

Pobwerera ndinaima pamsika, pa mayi wogulitsa khao soi, supu ija ya nkhuku ndi kokonati. Zaka zinayi ndimagula pamenepa, injini ya njinga osazimitsa. Atandiona anayamba kale kutsegula kapulasitiki.

"Ziwiri zonyamula, ina yopanda tsabola?"

"Imodzi," ndinatero. "Tsabola wambiri. Ndidyera pompano."

Anandiyang'ana, kenako anapukuta tebulo ndi kansalu, n'kundikokera mpando.